Chaka Chimene Madzi Anakwera Chitunda

Kwathu kuno, kufupi ndi Mualadzi m'chigawo cha Tete, anthu akamakumbutsana za chaka chija mvula inadula chimanga chili m'chiuno, ena amati chaka cha madeya, ena amati chaka cha mbozi. Ine ndimati chaka cha bomba, makina opopa madzi aja. Njala inalipo, sindikukana, ndipo tinawonda mpaka chitenje kumazungulira kawiri. Koma ndikachikumbuka chaka chimenecho ndimangopezeka ndikuseka ndekha, ana n'kumandifunsa kuti amayi mwaona chiyani.

Ndine Felizarda, kumtundu Nambewe. Ndinabadwira konkuno koma ndinakulira ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo, n'chifukwa chake Chiputukizi changa ndi cha pamsika basi. Amuna anga ndi a Jakisoni, ndipo tili ndi ana anayi.

OTUBULU

Tinali titamaliza kusosa, tikuunga mizere m'dothi louma gwa, pamene a Selina, alangizi a zaulimi, anabwera pa njinga yawo yamoto n'kutiitanira pansi pa mkuyu wa pasikola.

"Boma laika ndalama zothandiza magulu a m'midzi," anatero. "Si ngongole, simudzabweza. Koma si za munthu mmodzi, komanso si za geni. Mupange gulu lanu, asosiyasau, mugwirizane chimene chikukuvutani, ntchitoyo muiyendetse nokha. Ife tidzangobwera kudzaona."

Oyamba kuyankha anali a Naphiri, mayi wachikulire wofulula mowa, amene phazi lawo silinapondepo m'tchalitchi.

"Boma kupatsa munthu ndalama osafuna kanthu? Mwanawe, nyambo ikanona kwambiri uziyang'ana mbedza."

Anthu anaseka, a Selina nawo anaseka, koma nkhani inapitirira. Amuna ankafuna chigayo. Ena ankati mbuzi. Ife amayi tinangokhala phee, tikuseweretsa timitengo m'dothi, mpaka ine mtima unandikana.

Madimba athu ali pamwamba pa chitunda, pamene kamtsinje kathu kali kumunsi, ndipo kali ndi dziwe limodzi losaphwa. Kuti munthu athirire bedi limodzi la mpiru ankatsika ndi kukwera ndi ndowa pamutu mpaka mawondo kunjenjemera. N'chifukwa chake tinkalima timadimba tonga mphasa. Ndinanena zimenezi ngakhale ndinali ndisanalankhulepo pagulu.

A Domingu Banda, mkulu wa mpingo amenenso amakonza njinga, anandithandiza.

"Chigayo ndi chabwino, abale, koma chimafuna chimanga. Chaka chopanda chimanga mudzagaya chiyani, mchenga? Ku Zambia ndinaona bomba yokoka madzi ndi mphamvu ya dzuwa. Siimwa mafuta. Dzuwa ndiye kuno tili nalo lotaya."

Titakweza manja, amayi tinachuluka. Pa zosankha mtsogoleri, a Naphiri anandiloza n'kuti, "Woyambitsa nyimbo ndiye amaivina." Ndinakana, sanandimvere. Gululo tinalitcha Tula Ndowa. Kunyumba a Jakisoni anaseka mpaka kutsokomola, akuti sanadziwe kuti anakwatira pulezidenti.

NOVEMBULU

Mvula yoyamba inagwa bwino, ya madontho akuluakulu, dothi n'kununkhira. Tinadzala chimanga, mtedza ndi maungu, ana akutola ngumbi. Mbewu zitangoti tseketseke, uthenga unabwera woti atsogoleri a magulu apite kumaofesi a boma ku Chifunde akafotokoze okha zimene akufuna.

A Selina anali atatithandiza kulemba pempho lathu m'Chiputukizi, ndipo anandiphunzitsa mawu oti ndikanene. Njira yonse, panjinga mpaka pamsewu, kenako pamwamba pa matumba m'galimoto, ndinkawabwereza mumtima. Nditalowa m'chipindamo n'kuona anthu atakhala kuseri kwa tebulo ndi mabotolo a madzi, mawu onse anauluka. Ndinangoti "Bom dia," basi.

Bambo mmodzi wa imvi anamwetulira. "Lankhulani chakwanu, mayi. Tonse pano tinayamwa bere la kuno."

Mtima unakhala pansi. Anandifunsa kuti magulu ambiri akupempha zigayo, nanga ife bwanji tikulimbikira madzi. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinavula duku, n'kuweramitsa mutu kuti aone paliwombo pamene tsitsi linatha.

"Ichi si chipere ayi," ndinatero. "Ndi ndowa. Ndipo kwathu si ine ndekha."

Poyamba anaseka. Mayi wina amene anakhala kumapeto anadzigwira pamutu n'kunena chapansipansi kuti amayi ake analinso choncho. Sanandifunsenso zambiri.

DEZEMBULU

Chimanga chinali chobiriwira mochita kuda. Tinkapalira tikuimba, tikumati chaka chino nkhokwe zichepa. Chakumapeto kwa mwezi a Selina anaimba foni kuti gulu lathu lasankhidwa. Tinavina pabwalo fumbi koboo, ngakhale amuna a chigayo aja anavina nawo.

Koma ndalama sizinabwere. Ndikafunsa, a Selina ankati, "Pirirani, mapepala akuyenda." A Naphiri atamva anati, "Akuyenda wapansi, eti? Muwauze tiwabwereke njinga."

Pa Natale, tsiku la Khirisimasi, tinapha nkhuku. Chimanga cha chaka chatha chinali chitatsikira pansi pa nkhokwe, koma sitinade nkhawa, poti tinkati posachedwa tiyamba kudya maungu ndi mondokwa.

JANERU

Chaka chatsopano chitangolowa, mvula inadula. Mitambo inkasonkhana masana, ife n'kumaloza, kenako mphepo inkabwera n'kuibalalitsa ngati nkhuku. Masamba a chimanga anapotana ngati a anyezi. Mbozi zinalowa m'mitima ya chimanga chotsalacho, ndipo tinkathira phulusa ndi dothi, koma zinali ngati tikuziikira mchere.

Pamsika wa Mualadzi ndalama imene mu Otubulu inkagula lata yodzaza chimanga, chitini choyezera chija, tsopano inkagula theka, ndipo wogulitsa ankachita kusalaza ndi dzanja. Kunamveka kuti ku Zambia nakonso kwauma, ena n'kumati kumalire ku Cassacatiza sakulola thumba kudutsa, ena n'kumati chimanga chaulere chili m'njira. Anthu anagulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku. Mnansi wathu anatsitsa malata padenga. Ife tinayamba kudya kamodzi patsiku, madeya ndi nkhwani wopanda nsinjiro.

M'mawa wina a Jakisoni anapopa njinga, n'kumangirira khasu ndi bulangete.

"Amake ana, ndikayese ganyu kumafamu a kutsidya ku Zambia. Kukhala pano tonse n'kumayang'anana, palibe chimene tiphule."

"Mukafika muimbe."

"Ndiimba. Inu mugwire anawa."

Anaimba kawiri, kenako foni yawo inasiya kulowa.

Mwezi womwewo mng'ono wanga wa ku Nsadzo anandibweretsera chitenje chatsopano, ine mopanda nzeru n'kuchivala kutchalitchi. Sabata isanathe, mbiri inali ponseponse yoti ndalama zinabwera kalekale, Felizarda akudya yekha. Ndikafika pamjigo macheza ankatha. Zinandipweteka kuposa njala.

A Naphiri sanong'ona. Anabwera masana dzuwa lili pamutu, n'kuima pakhomo panga.

"Odi kuno! Ndabwera kudzaona chuma."

Analowa m'nyumba, anavundukula miphika, anasuzumira m'nkhokwe, anagwedeza thumba la madeya, kenako anandigwira m'nthiti. Atachoka apo analunjika kumjigo.

"Ndachokera kwa pulezidenti wanu," anatero mokweza. "Ngati wadya ndalama, ndiye kuti ndalama sizinenepetsa. M'nkhokwe mwake ngakhale khoswe wasamukamo. Wina ali ndi funso?"

 Tsiku lotsatira mayi wina anandipatsa moni wautali kwambiri, wofunsa ndi nkhuku zomwe.

FEVERERU

Ndalama zinalowa kubanki njala itafika pachimake. Ndinaitanitsa msonkhano tsiku lomwelo kuti pasakhalenso zonong'ona. Pansi pa mkuyu panadzaza, ngakhale amene sanali a gulu.

Alamu anga a Zakariya, ang'ono awo a amuna anga, anaimirira. Akazi awo anali atangobereka kumene, ndipo bere linalibe mkaka.

"Alamu, ine sindizungulira. Tigule chimanga. Kodi mwana wanga ayamwa bomba? Boma likadzafunsa tidzati kunali njala. Nalonso lili ndi maso."

Ambiri anavomereza, ndipo kunena zoona mimba yanga inavomerezanso. Mwana wanga wamng'ono anali atasiya kusewera, ankangokhala pakhonde.

A Domingu anati tikadya ndalamazo, matumba adzatha mwezi usanathe, njala idzatipeza tili pomwepo, ndiponso tidzatsekera khomo midzi ina yonse yofuna kupempha. A Zakariya anawayankha kuti mawu otero amakoma kwa munthu amene mwana wake wadya. Panabuka phokoso, ena kuimirira, ena kulozana zala.

Ine ndinakumbuka kuti m'pempho lathu munali gawo lolipira anthu ochokera kutauni odzakumba chitsime pambali pa dziwe ndi ngalande yokwirira mapaipi.

"Abale," ndinatero, "anthu a kutauniwo ali ndi manja angati? Bwanji tikumbe tokha, malipiro awowo tigulire chimanga? Koma tisabe. Tipemphe."

Kwathu foni imagwira bwino pamwamba pa chulu cha kuseri kwa sikola. Ndinakwera pamenepo, mudzi wonse utazungulira chulucho kukamwa yasa, ndipo ndinakweza mawu a foni kuti aliyense amve. A Selina anamvetsera, n'kunena kuti iwo sangalamule okha, akafunsa akuluakulu.

Masiku amene tinadikira yankho anali aatali. A Zakariya sankandipatsa moni. Kenako tinamva kulira kwa njinga yamoto, ndipo a Selina asanazimitse n'komwe anakuwa kuti, "Avomera! Aliyense wokumba alandire, kaya ndi wa gulu kaya ayi!"

Tinagwirizana kuti wokumba aliyense azitapula pang'ono pa chimanga chake kuti pamalo a ntchito paziphikidwa phala la ana, okalamba ndi amayi oyamwitsa. Ngolo ziwiri zinapita kukagula chimanga, ndipo pobwera ana anazichingamira kutali akuthamanga m'mbali.

Tsiku loyamba ntchito, titafika padziwe ndi makasu, a Naphiri anatambasula manja.

"Imani kaye. Dziweli lili ndi eni ake. Simungangofika n'kuyamba kukumba ngati pakhomo pa wamisala."

A mpingo ena anayamba kung'ung'udza. Ndinaona kuti mkangano wina wayandikira, koma a Domingu anavula chipewa.

"Amayi, inu ndinu akulu, yambani. Ife tikhala apo pamthunzi tikunola makasu, sitiona kanthu. Mukamaliza, ifenso tipemphera, inu simumva kanthu."

A Naphiri anagwada m'mbali mwa madzi, n'kumasula kansanza momwe munali ufa woyera, wotsiriza m'nyumba mwawo. Anauthira pansi pang'onopang'ono, ena akuwomba m'manja.

"Inu makolo, tabwera kudzapempha, sitinabwere kudzalanda. Ana anu afota. Chinthu chikubwerachi chimadya dzuwa, musachiope."

Atatha, a Domingu anapemphera, ndipo ndinaona a Naphiri atatsinzina nawo, ngakhale pambuyo pake anakana, akuti chinali chitsotso chabe.

Tinakumba. Matupi anali ofooka, khasu linkalemera, ndipo dothi la pachitunda linali ngati mwala. Koma munthu akadziwa kuti madzulo anyamula mbale ya chimanga, msana umalimba. Nyimbo zinabwerera. A Zakariya ankakumba ngati anthu awiri, ndipo tsiku lina akupukuta thukuta anandiuza osandiyang'ana kuti, "Alamu, mkaka wabwera."

MARISU

Bomba, mapaipi, thanki ndi magalasi ogwira dzuwa zinabwera pa galimoto kuchokera ku Tete. Galimotoyo inalephera kuwoloka mchenga wa pakamtsinje, ndiye tinakazitenga pa ngolo. Thankiyo inali yaikulu moti anyamata anachita kuigubuduza, agalu onse a m'mudzi akuiuwa.

Mmisiri amene anabwera nazo analumikiza zonse, n'kutiuza kuti mawa m'mawa tiyesa. Kutacha tinapeza kumwamba kuli bii, mitambo yokhayokha. Miyezi yonse ija tinkalira mitambo osaiona, lero tikufuna dzuwa ndiye yabwera! Mmisiri anati popanda dzuwa bomba siidzuka. Anthu anakhala pansi pachitunda, akuyang'ana kumwamba mokwiya.

"Inu a Domingu," anatero a Naphiri, "mapemphero anu a mvula aja afika mochedwa. Tawauzani kumwambako kuti tasintha maganizo."

"Mwina ndi ufa wanu uja, amayi. Munathira wambiri."

Tinaseka mpaka misozi. Sikunagwe ngakhale dontho. Chakumasana mitambo inang'ambika, dzuwa linatulukira, ndipo kumunsi kudziwe kunamveka kulira kwapansipansi ngati njuchi. Anthu anathamangira papaipi pomwe inali isanakwiriridwe, ena kugona pansi n'kuikapo khutu.

"Akubwera! Adutsa pano!"

"Afika pamsekese!"

Tinawaperekeza madziwo chitunda chonse ngati mkwatibwi. Paipi inatsokomola, inalavula mpweya ndi matope, kenako madzi anagwera m'thanki yopanda kanthu ija ndi mkokomo wonga ng'oma. Nthungululu zinaphulika. A Zakariya, mwamuna wandevu, analuluta kuposa amayi. Atatsegula mpopi, a Naphiri anaika mutu pansi pake ndi duku lomwe, n'kudzuka ali chonyowa, akuvina.  Ndinakhala pansi m'matope momwemo, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Tinagawa malo, banja lililonse chigawo chake, ndi la a Jakisoni lomwe ngakhale mwini wake kunalibe. Tinadzala chimanga chocha msanga, nyemba, mpiru, matimati ndi mbatata.

ABIRILI

Kumunda kunalibe chokolola chenicheni. Munda umene chaka chabwino umafuna ngolo, ndinaututa pamutu ndi dengu, tizitsononkho ta mano atatu. Tinakolola mwakachetechete, popanda woitana mnzake kudzathandiza.

Koma madzulo tinkapita kudimba, ndipo kumeneko kunali dziko lina. Mpiru unali utayamba kuthyoledwa, kholowa akuyanga, chitambe chili mbwee. Ndiwo zinayamba kukhala zambiri kuposa ufa. Anyamata ankamanga mitolo panjinga kupita nayo ku Mualadzi, olimba miyendo mpaka ku Cassacatiza kumene oyendetsa magalimoto akuluakulu ankalimbirana, pobwera n'kugula chimanga pang'ono.

Mikangano sinathe ayi. Wina ankatsegula madzi nthawi ya mnzake, wina mbuzi zake zinalowa m'nyemba. Tinasankha a Naphiri kukhala woyang'anira mpopi, ndipo ankakhala pamenepo ndi ndodo. Ngakhale ine anandibweza tsiku lina. "Upulezidenti wako ukathere kumkuyu, kuno dikira nthawi yako."

A boma anabwera kudzaona monga ananenera. Anayenda m'mabedi, anafunsa zofunsa zawo, anaona mapepala ogulira zinthu, ndipo pochoka aliyense anali ndi mtolo wa mpiru. Tinkati tiwapatse, iwo anakakamira kulipira.

JUNYU

Kunayamba kuzizira, tchire lonse litauma, koma pachitunda pathu chimanga chinali chitabereka. Kudya mondokwa mwezi wa Junyu, chaka cha njala! Anthu a midzi ina ankabwera kudzangoima pampanda, ndipo ena ankandifunsa njira yopangira gulu lawo.

Chinthu chimodzi chokha chinkandidya mumtima. Za a Jakisoni sindinkamva chilichonse. Ana anali atasiya kufunsa, ndipo zimenezo zinkandiopsa kwambiri.

Tsiku lina chakumadzulo ndili m'dimba ndikuthyola chimanga, ndinaona munthu akukankha njinga m'kanjira kochokera kumsewu. Tayala lakumbuyo linali lophwa, ndipo pakaliyala panali thumba losadzaza. Anafika pampanda n'kuima. Anayang'ana thanki, anayang'ana chimanga, anayang'ananso kumbuyo ngati wasochera. Ndinawazindikira ndi kaimidwe, poti nkhope inali itatha, khosi la malaya likulendewera.

"Atate ake ana!"

Chimanga chinagwa m'manja mwanga. Ndinathamanga, ndipo nditafika ndinasowa chochita, ndinangogwira chiwongolero cha njinga.

"Amake ana," anatero, mawu ali osasa, "kodi ndi kwathu kuno?"

"Ndi kwanu. Ndipo apo mwaimapo, mizere iyo ndi yanu."

Anakhala pansi pamphepete pa ngalande. Anandiuza kuti kutsidyako ganyu anali wosowa, olimbirana ambiri. Anadwala malungo, foni anagulitsa kuti agule mankhwala. Anachita manyazi kubwera chimanjamanja, ndiye anapirira mpaka atapeza theka la thumbalo. Njira yonse ankaopa kuti apeza maliro.

Ana anafika akuthamanga n'kuwagwera. Ndinasonkha moto pomwepo, n'kuwawotchera chimanga. Anadya chimodzi, anadya chachiwiri, misozi ikutsikira m'ndevu. Kenako anayang'ana thumba lawo lija panjinga n'kuseka mowawa.

"Ndiye ine ndavutikiranji? Kathumba aka, pamene inu kuno mukudya chachiwisi."

 M'mawa mwake ndinamasula thumbalo, ndinapeta, n'kusenza kupita kuchigayo ku Mualadzi. M'nyumba munali ufa wina wogula ndi ndalama za mpiru, koma umenewo ndinaukankhira kuseri. Madzulo titakhala pamphasa, ndiwo zili mpiru wotendera ndi nyemba zaziwisi, ndinauza ana kuti, "Musanadye, dziwani kuti ufa uwu wachokera kutali. Atate anu anaukankha panjinga yophwa tayala kuti inu mudye."

Wamng'ono uja anawayang'ana, n'kufunsa kuti, "Atate, ku Zambia n'kutali kuposa kudziwe?"

"N'kutali pang'ono, mwanawe."

"Ndiye mudye kwambiri ndinu."

Anawakankhira mbale. A Jakisoni anasamba m'manja, ndipo tinadya tonse mpaka kukhuta.